Musathamangire kugula magalasi a VR musanafunse chimene amaphunzitsa

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene yatenga malo pakati pa aphunzitsi ndi alangizi a ntchito zamanja, yophunzitsira anthu ndi zithunzi zozungulira za madigiri 360, zija munthu amaziona atavala magalasi a VR (chipangizo chovala kumaso chimene chimaonetsa malo ngati uli pomwepo) kapena akutembenuza foni uku ndi uku. Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa achinyamata amene akuyamba ntchito zamagetsi amphamvu, makamaka za chitetezo m'malo ogawira magetsi, ndipo zithunzi zimenezi ndimaphunzitsira. Choncho sindikulemba ngati munthu wodana nazo. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti otsatsa malonda akuzichemerera mopyola muyeso, ndipo akuluakulu a masukulu ndi makampani, amene ambiri sanaimepo kutsogolo kwa kalasi ndi chipangizochi, akuganiza kuti akagula magalasi ndiye kuti maphunziro atheka. Chithunzi chozungulira chimaphunzitsa munthu kuona malo. Kugwira ntchito pamalopo sichiphunzitsa, ndipo ngakhale kuonako kumafuna mphunzitsi wodziwa kufunsa mafunso.

Tiyambe talekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Chithunzi chozungulira chimajambulidwa pamalo enieni ndi kamera ya maso awiri, lina loyang'ana kutsogolo, lina kumbuyo. Diso lililonse limagwira kupitirira pang'ono theka la malowo, kenako pulogalamu ya pakompyuta imasoka mbali ziwirizo n'kukhala chithunzi chimodzi, chimene m'lifupi mwake ndi kawiri kutalika kwake. Chithunzicho chimakutidwa mkati mwa mpira, woonayo n'kuikidwa pakatikati. Akhoza kucheuka, kuyang'ana kumwamba ndi pansi, koma sangasunthe phazi. Akasuzumira kuti aone kuseri kwa chitsulo, chitsulocho chimasuntha naye limodzi. Mtundu winawo ndi wa malo omangidwa ndi kompyuta, ngati a m'masewera, momwe munthu amayenda, kuwerama ndi kunyamula zinthu. Umenewo kuti upangidwe pamafunika akatswiri a mapulogalamu ndi ndalama zambiri. Wogulitsa akamakusonyezani zodabwitsa za mtundu wachiwiri pomwe m'katoni mwake muli woyamba, mufunseni bwino.

Nzeruyi siyadzulo. Robert Barker anapatsidwa chiphaso chaumwini wa zithunzi zozungulira mu 1787, ndipo mu 1793 anatsegula nyumba yozungulira ku Leicester Square mu London, momwe anthu ankalipira kuti aime pakati n'kumaona mzinda wojambulidwa ndi penti khoma lonse. Apple inabweretsa zimenezi pakompyuta ndi QuickTime VR mu 1995, Google inayamba Street View, yoonetsa zithunzi zozungulira za m'misewu pa intaneti, mu 2007, mu 2014 kunabwera Google Cardboard, kabokosi ka katoni koikamo foni, ndipo mu 2015 YouTube inayamba kulandira mavidiyo ozungulira. Chasintha n'chakuti lero mphunzitsi wamba akhoza kudzijambulira yekha.

Tsono ubwino wake weniweni uli pati? Mu ntchito yathu, malo ogawira magetsi sungalowetsemo kalasi yonse. Pamafunika chilolezo cholemba, woyang'anira wovomerezeka, zovala zodzitetezera za aliyense, ndipo ngakhale zonsezo zitapezeka, sungalole munthu wachilendo kuyendayenda pansi pa mawaya amoto kuti aphunzire polakwitsa. Kulakwitsa kumeneko kulibe mawa. Kale tinkadalira zithunzi wamba ndi mapulani a papepala. Vuto la chithunzi wamba n'lakuti wojambula anasankha kale choti uone. Ndikakuonetsa chithunzi cha makwerero achitsulo atatsamira pafupi ndi waya, ndakuuza kale yankho, chifukwa makwererowo ali pakati pa chithunzi. Pamalo enieni palibe amene amakuikira ngozi pakati pa maso. Ili kumbuyo kwako, ili pamwamba pa mutu wako, ili pansi pomwe ukufuna kuponda. Chithunzi chozungulira ndicho chokha chimene chimabwezera wophunzira udindo wosankha koyang'ana.

Ndimachita chonchi. Pamene mbali ina ya malowo yazimitsidwa kuti ikonzedwe, ndipo woyang'anira walola, timayala zolakwika mwadala n'kujambula. Loko wotsekera switchi timamuchotsa n'kusiya chikwangwani chokha. Waya wa earth, wotayira magetsi m'nthaka kuti ateteze wogwira ntchito, timaumangirira mbali imodzi, mbali inayo n'kungougoneka. Chivundikiro cha ngalande ya makebulo timachitsegula pang'ono. Chozimitsira moto timachitchinga ndi mgolo. Chitseko cha mpanda timachisiya chosakhoma kumbuyo kwa kamera. Tikatha timabwezeretsa zonse m'malo mwake. M'kalasi ndimauza wophunzira kuti wangolowa kumene, wapatsidwa ntchito yakutiyakuti, andiuze ngati angayambe kapena ayi, ndipo chifukwa chiyani.

Zimene zimachitika zimafanana chaka ndi chaka. Maso onse amathamangira pa thiransifoma, chifukwa ndi yaikulu ndipo ndi imene anaiwerenga m'buku. Amayang'ana molingana ndi msinkhu wawo, kumanja ndi kumanzere, basi. Oyang'ana kumwamba ndi ochepa, oyang'ana pansi ndi ochepa kuposa apo, ndipo wocheuka kuona chitseko chimene walowera amakhala wosowa. Munthu amandiuza molimba mtima kuti, "Aphunzitsi, apa palibe vuto, ndiyamba ntchito," pomwe dzenje lili pafupi ndi chidendene chake. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneko n'kumene chipangizochi chimandithandiza kuphunzitsa: kuima, kuzungulira thupi lonse, kuyang'ana m'mwamba, pakati ndi pansi, kenako n'kulankhula. Wophunzira akhoza kubwereza mpaka chizolowezicho chikhazikike, popanda kuika moyo wake pachiswe kapena kuimitsa ntchito ya anthu ena. Pa ichi chokha, kamera ija inabweza kale mtengo wake.

Anzathu a maphunziro ena ali ndi zifukwa zofanana. Phanga la Lascaux ku France, la zithunzi za anthu akalekale, linatsekedwa kwa alendo mu 1963 chifukwa mpweya wa anthu unkawononga zithunzizo, choncho wophunzira mbiri sangalowemo ngakhale atakhala ndi ndalama zotani. Mu 2017 Thomas Pesquet, woyenda m'mlengalenga, anajambula mkati mwa International Space Station, malo ochitira kafukufuku amene amazungulira dziko m'mlengalenga, ndipo zithunzizo zinaikidwa pa Street View. Mu April 2016 dokotala Shafi Ahmed anaulutsa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo kuchokera ku Royal London Hospital ndi kamera yozungulira, kotero kuti ophunzira anaona osati bala lokha komanso mmene namwino, wogoneka wodwala ndi othandizira amaimira ndi kupatsirana zida. Mu 2018 Walmart inalengeza kuti itumiza magalasi a Oculus Go oposa 17,000 m'masitolo ake ku United States kuti iphunzitsire antchito. Malo oopsa, malo otsekedwa, malo akutali, kapena zochitika zosati n'kuziyambitsa dala: pamenepo palibe mtsutso.

Koma pali zimene wogulitsa sanena, ndipo zina n'zamasamu chabe. Akakuuzani kuti kamera ndi ya 4K mumaganiza kuti zonse zioneka mbee. Chithunzi cha 4K chimakhala ndi timadontho 3,840 m'lifupi. Pa TV timadontho tonseto tili patsogolo panu. Pa chithunzi chozungulira timagawidwa pa madigiri 360, ndiye kuti digiri iliyonse imapeza timadontho pafupifupi 11. Diso labwinobwino la munthu limasiyanitsa timadontho pafupifupi 60 pa digiri. Ngakhale kamera ya timadontho 5,760 imangofika pa 16. Zotsatira zake n'zakuti nambala yolembedwa pa switchi, imene munthu ataima pamalopo angaiwerenge ali patali ndithu, pa chithunzi imangooneka mbuu. Ife ngozi zambiri zimabwera chifukwa munthu watsegula chitseko cha kabati yoyandikana ndi imene anauzidwa. Kuwerenga nambala n'kuiyerekeza ndi ya pa chilolezo ndiko kumapulumutsa, ndipo chithunzi chozungulira chimalephera pomwepo. Ndimachita kuwonjezera zithunzi zapafupi zoti munthu adinepo, koma ndikatero ndamulozera kale pofunika kuyang'ana.

China ndi mtunda. Zithunzi zozungulira zambiri zimapatsa maso onse awiri chithunzi chimodzimodzi, motero ubongo umasowa poyezera kuti chinthu chili patali bwanji. Kamera ikaikidwa motsika, zinthu zonse zimaoneka zazikulu. Ikakwezedwa, munthu amadzimva ngati chiphona. Ku malo oonetsera zakale zimenezi zilibe kanthu. Kwa ife, mtunda wa pakati pa chigongono ndi waya wamoto ndiwo umalekanitsa wobwerera kunyumba ndi wosabwerera, pakuti magetsi amphamvu sadikira kuti uwakhudze, amalumpha. Sindingalole wophunzira kuzolowera kuyeza mtunda umenewo ndi chithunzi chimene chimanama pa mtunda. Onjezani kulira kwa thiransifoma kumene kumamveka mpaka m'chifuwa, kutentha, fungo la kebulo imene yayamba kupsa, ndi mmene magolovesi okhuthala amaumitsira zala. Zonsezi zilibemo.

Apa mpamene ndimatsutsana kwambiri ndi otsatsa malonda, chifukwa amakonda kubwereka umboni wa zipangizo zina. Amatchula oyendetsa ndege. Zoona, Edwin Link anapanga makina ophunzirira kuuluka mu 1929, pogwiritsa ntchito mivukuto ya ku fakitale ya abambo ake yopanga malimba, ndipo asilikali a ku United States anayamba kuwagula mu 1934. Koma makinawo anali ndi chiwongolero, zopondera ndi mawotchi, ndipo ankapendekeka woyendetsa akalakwitsa. Amatchulanso madokotala. Zoonanso, kafukufuku wa ku yunivesite ya Yale wa mu 2002, wa madokotala 16 ophunzira opaleshoni, anapeza kuti amene anayeserera pa makina anachotsa ndulu mofulumira ndi 29 peresenti, ndipo anzawo amene sanayeserere analakwitsa kochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Koma madokotalawo ankagwira zogwirira za zida zenizeni, makina n'kumawerenga kulakwitsa kwa dzanja lililonse. M'zitsanzo ziwiri zonsezi manja ankagwira ntchito ndipo makina ankayankha. Pa chithunzi chozungulira manja ali pamwendo. Kutenga zotsatira za makina a Link kapena a ku Yale n'kugulitsira kamera ya 360 ndi chinyengo, ngakhale wonenayo atakhala kuti sakudziwa kuti akunyenga.

Choopsa chimene ndimachiona ndi maso anga ndi kudzikhulupirira. Wophunzira amene wakhala nthawi yaitali m'magalasi amafika pamalo enieni akumva ngati n'kwawo. Amadziwa kumene kuli chitseko, amadziwa dzina la chipangizo chilichonse, amayenda mwamsanga. Mantha aja amene amamuchititsa mlendo kuyenda pambuyo pa woyang'anira, manja ali m'mbali, amakhala atachepa, pomwe luso la manja silinawonjezeke ngakhale pang'ono. Munthu wotere ndimamuyang'anitsitsa kuposa amene akunjenjemera.

Nanga magalasiwo, poyerekeza ndi kuona chithunzi chomwecho pa kompyuta, amawonjezera kuphunzira? Ofufuza anayesapo. Guido Makransky wa ku yunivesite ya Copenhagen ndi anzake anafalitsa mu 2019 zotsatira za ophunzira amene anachita phunziro limodzimodzi la mu labotale, pa kompyuta ndi m'magalasi. M'magalasi ankamva kwambiri ngati alidi pamalopo, koma anaphunzira zochepa. Chaka cha 2018 Jocelyn Parong ndi Richard Mayer ku California anayerekeza phunziro la za m'magazi loonera m'magalasi ndi phunziro lomwelo pa zithunzi wamba zotsatizana. A zithunzi wamba anakhoza bwino mayeso, ngakhale a magalasi ndiwo anasangalala kwambiri. Koma ofufuzawo atadula phunziro la m'magalasi m'zigawo, n'kumauza ophunzira kuti avule magalasiwo alembe mwachidule zimene aona asanapitirize, zotsatira zinakwera. Maphunziro amenewo anali omangidwa ndi kompyuta, osati ojambulidwa ndi kamera, komabe zimene anapeza n'zomwe mphunzitsi aliyense amaziona: mutu ukadzaza ndi kudabwa, malo oika phunziro amachepa, ndipo chimene chimakhazikitsa phunziro ndi kuima n'kulifotokoza m'mawu ako.

N'chifukwa chake nthawi zambiri magalasi ndimawasiya m'kabati. Ndimaonetsa chithunzi pakhoma ndi pulojekita, wophunzira mmodzi n'kumachizunguza, ena onse akumuuza kuti, "Bwerera, tayang'ana m'mwambamo," wina n'kumatsutsa kuti loko uja analipo. Mkangano umenewo ndiwo phunziro. Ndimamva mmene aliyense akuganizira, ndipo wamanyazi amaphunzira kuchokera kwa wolongolola. Munthu akavala magalasi amakhala yekha. Sangalembe, saona nkhope ya mnzake, ndipo ine sindidziwa chimene akuyang'ana pokhapokha nditalumikiza magalasiwo ku sikirini ina. Kalasi ya anthu ambiri yokhala ndi magalasi ochepa imathera nthawi pa mzere, kupukuta thukuta la mnzako, kukonza malamba ndi kusaka chaja. Magalasi ndimawatulutsa pa chinthu chimodzi: kuti munthu amve kukula kwa malo ndi kutembenuza khosi lake lenileni, kwa mphindi zochepa, atapatsidwa kale funso loti akabwere ndi yankho lake.

Tisaiwale kuti ena magalasiwa amawadwalitsa. Maso akamanena kuti thupi likuyenda pomwe ziwalo za mkati mwa khutu zikunena kuti lili chiimire, munthu amamva chizungulire ndi nseru. Vidiyo yojambulidwa munthu akuyenda ndi kamera m'manja ndiyo yoipitsitsa. Chithunzi chojambulidwa kamera itaima pa miyendo yake sichivuta kwenikweni. Wophunzira wotere asakakamizidwe kapena kusekedwa, ndipo asalephere phunziro chifukwa cha khutu lake. Za ana ang'onoang'ono, Meta inkati magalasi ake ndi a zaka 13 kupita m'tsogolo, ndipo mu 2023 inatsitsa kufika pa 10 makolo akamayang'anira. A sukulu za pulayimale aziwerenge zimenezi asanasayine kalikonse.

Nkhani ina imene akuluakulu ogula zinthu ayenera kuimva ndi ya kutha kwa mapulogalamu. Google Expeditions, pulogalamu ya maulendo oonera pa zithunzi zozungulira, inayamba mu 2015, ndipo inali yabwino ndithu: mphunzitsi ankatsogolera kalasi yonse ndi tabuleti, n'kumaona kumene mwana aliyense akuyang'ana. Masukulu ambiri anagula mabokosi a mafoni ndi magalasi chifukwa cha iyo. Pa 30 June 2021 Google inaitseka, pamodzi ndi Tour Creator imene aphunzitsi ankapangira maulendo awoawo. Zina zinasamutsidwira ku Google Arts & Culture, koma njira ija yotsogolera kalasi inapita. Oculus Go, imene inatuluka mu 2018, inasiya kugulitsidwa mu 2020. Buku la sukulu limakhala zaka zambiri pa shelefu likugwirabe ntchito. Izi zinatha mwana asanamalize n'komwe sukulu. Choncho zithunzi zanu zisungeni nokha ngati mafayilo wamba a JPEG, pamodzi ndi mafunso ake olembedwa padera. Alipo mapulogalamu aulere, monga Pannellum, Marzipano ndi H5P, amene amaonetsa zithunzizi pa kompyuta kapena foni iliyonse, ndipo Hugin imasoka zithunzi za kamera wamba kukhala chozungulira. Kampani imene ikukana kukupatsani mafayilo a malo anu omwe, ikuti muzingowaonera pa intaneti yake polipira chaka ndi chaka, ikukubwerekani katundu wanu yemwe.

Chithunzi nachonso chimakalamba. Akasintha switchi kapena kusamutsa mpanda, chithunzi chakale chimayamba kuphunzitsa bodza, ndipo chimaphunzitsa mokhutiritsa chifukwa chimaoneka ngati zenizeni. Chilichonse chizilembedwa tsiku lojambulidwa, ndipo pakhale munthu wodziwika amene udindo wake ndi kuchichotsa malo akasintha. Kumbukiraninso kuti kamera imeneyi ilibe kumbuyo. Imagwira nkhope ya wantchito amene sanafunsidwe, pepala la wodwala lili patebulo, malo amene pamakhala makiyi. Musanachiike pa intaneti, chizungulireni chonse, ndipo eni malo achione.

Pempho langa kwa oyendetsa masukulu ndi makampani n'lakuti ndalama yoyamba ipite ku kamera imodzi, miyendo yake, ndi nthawi yoti mphunzitsi akajambule malo amene ophunzira ake adzagwireko ntchito n'kulemba mafunso abwino. Magalasi abwere pambuyo, ochepa, mphunzitsi akanena yekha phunziro limene akuwafunira. Wogulitsa akabwera, mufunseni kuti wophunzira adzatha kuchita chiyani chimene sakanatha ndi pulojekita, ndipo mudzachiyeza bwanji patapita mwezi, osati tsiku lomwelo anthu akadali osangalala.

Kwa amene amapereka ziphaso za ntchito zoopsa, ndamva maganizo akuti maola a m'magalasi aziwerengedwa ngati maola a pamalo a ntchito, kuti maphunziro afupike. Chonde musalole. Ine wophunzira amene wapeza zolakwika zonse pa chithunzi ndimamulembera kuti wakonzeka kukalowa pamalo enieni ali pambuyo pa woyang'anira. Chikalata chonena kuti akhoza kugwira ntchito ndimasayina pokhapokha nditamuona ndi maso anga atavala magolovesi, atawerenga nambala ya kabati mokweza, atayesa ndi chida kuti moto wazimadi, n'kumangirira yekha waya wa earth mbali zonse ziwiri.

Ndine wanu,
Mlangizi wa chitetezo pa ntchito zamagetsi